Kapaipi ka Bambo

Ndinagula ekizozi yatsopano ku Moatize,
yonyezimira, yakukamwa kotambalala.
Wogulitsayo anati: iyi ikalira
a ku Ulongwe adzasiya kudya n'kusuzumira pawindo.

Yakaleyo tinaigwetsa ndi nyundo,
dzimbiri likuyoyoka ngati gaga.
M'mbali mwake munali kapaipi kopindika,
kowotcherera moipa, chipsera pamwamba pa chipsera,
kochoka pachifuwa pa injini kukwera ku kabureta.
Ndinafunsa kuti n'kachiyani.
Mnyamatayo anangokweza mapewa
n'kukaponya pamulu wa zitsulo.
Anakaika ndi bambo, chaka chomwe ndinabadwa.
Bambo anali munthu wosayankhulitsa,
ndipo pamaliro awo palibe anatchula za kapaipi.

Miyezi itatu galimoto inabangula.
Pa mlatho wa Zambezi ndinkaponda mafuta mwadala
kuti a mashapa acheuke.
Nkhalamba ya zaka makumi anayi
inali itapeza mawu a mnyamata.

Kenaka Juni.
Matumba makumi awiri a kachewere,
tambala asanalire,
chifunga cha ku Tsangano chitagona pamsewu.
Pachitunda injini inatsokomola,
inameza malovu,
zii.

Batire lili bwino. Petulo alimo.
Mapulagi ndinawapukuta ndi malaya anga.
Ndikadikira pang'ono inkalira,
ndikayenda kamtunda inkafanso,
ngati wangongole wolonjeza mawa.
Kanayi konse.
Msika wa ku Tete unatsegulidwa popanda ine.

Mesitiri Firimino anandipeza ali panjinga yamoto,
chipewa cha ubweya chitafika m'nsidze.
Masipanala sanawakhudze.
Anati liza. Tinakwera limodzi kufikira inazimanso.
Anadumpha, anavundukula sefa ya mpweya,
anandigwira chala
n'kuchilowetsa kummero kwa kabureta.

Madzi oundana.
Pafupi ndi chitsulo chowotcha dzanja,
madzi oundana, oyera ngati mchere.

Petulo akamasanduka nthunzi amaba kutentha, anatero,
monga thukuta limaziziritsa msana.
Onjezapo chinyezi cha chifungachi, mmero watsekeka.
Ukaima, injini imasungunula zonse,
mbala yathawa ndi umboni womwe.
Pano pankakhala kapaipi kobweretsa mpweya wofunda.
Kali kuti?

Ndinayang'ana nsapato zanga.

Kwake anatenga chitini cha mkaka wa ufa,
anaching'amba, anachikulunga pa ekizozi
pomwe imatulukira m'injini,
anamanga ndi masipoko a njinga,
paipi yakale ya rediyeta n'kukwera nayo ku sefa.
Ukamatsikira ku Tete mu Okutobala uzichotsa,
kumeneko ngakhale mwala umafuna mthunzi.
Ndalama anakana. Ananyamula theka la thumba.

Ndinabwererako ku Moatize.
Mulu uja anali ataugulitsa pasikelo,
lole itapita nawo kunyanja.
Kapaipi ka bambo mwina kanalemera theka la kilo.

Tsopano ekizozi yanga yonyezimira
yavala chitini chokhala ndi nkhope ya khanda,
utoto ukupsa pang'onopang'ono,
diso limodzi latsala.
Imabangulabe. Sindipondanso mwadala.

M'mawa wa chisanu ndimaliza injini,
ndimatsegula boneti,
ndimaika chikhatho papaipi kudikira kuti ifunde.
Mwana wanga Jenoveva amakuwa ali m'galimoto:
tiyeni, ndichedwa kusukulu!
Bambo ankaima chonchi,
mutu wowerama, dzanja lili m'injini,
mpweya ukufuka m'kamwa.
Ine pampando womwewo ndinkang'ung'udza.
Ndinkayesa akupemphera.